Kujambula khitchini yomwe yangokonzedwa kumene, ndi foni yomwe muli nayoyo

Achimwene anga ndi kalipentala, amapanga makabati a mkhitchini, ndipo sikuti ndikukokera kwathu ayi koma dzanja lawo ndi labwino. Vuto linali zithunzi zomwe ankaika pa Facebook. Makabati oyera mbee akuoneka achikasu ngati akhala zaka teni mu utsi, khoma lopendekeka ngati nyumba yatsala pang'ono kugwa, chitini cha penti chili pakona, nde eni akewo akuoneka pagalasi la uvuni atagwira foni ndi manja awiri kukamwa kuli yasa. Ntchito ya masabata atatu koma kujambula kwake masekondi awiri basi. Nde ndinayamba kumapita nawo tsiku lomaliza kuti ndizikajambula ineyo, ndi ka Tecno kanga komweka, ndipo zomwe ndalemba apazi ndazidziwa molakwitsalakwitsa. Kaya ndinu mmisiri mukusaka makasitomala, kaya ndi khitchini yanu mwakonzetsa mukufuna abale ali ku Joni aone komwe ndalama zawo zalowa, njira yake ndi yomweyi.

Choyamba, pemphani kaye

Ngati nyumbayo si yanu auzeni eni ake kuti mukufuna kujambula komanso komwe zithunzizo zikaikidwe. Ena amalola, ena safuna kuti dziko lonse lidziwe kuti agula firiji ya zitseko ziwiri, ndipo sakulakwa. Akalola, musalembe nambala ya nyumba kapena dzina lawo, ndipo musajambule moonetsa chitseko chakuseri ndi maloko ake. Pemphaninso maola awiri oti mkhitchinimo musaphikidwe. Awiri enieni, osati "tingojambula kamodzi mayi", chifukwa mukanama choncho mudzapezeka mukujambula mothamanga mphika wa nyemba uli pamoto.

Chachiwiri, nthawi yake

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Anthu amaganiza kuti chithunzi chabwino chimachokera mu foni yodula, pomwe chimachokera pa windo. Musanasankhe nthawi funsani kuti windo la khitchini layang'ana kuti. Likayang'ana kummawa, dzuwa la mmamawa limalowa lakuthwa, limajambula mizere ya mabagala pa makabati ponse, nde dikirani lipite pamwamba, cha mma 10 kapena 11 koloko. Likayang'ana kumadzulo jambulani mmawa lisanatembenuke. Kumbukiraninso kuti kuno kwathu mu June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, nde windo loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa pafupifupi tsiku lonse miyezi imeneyo, pomwe loyang'ana kummwera limangolowetsa kuwala kofewa kopanda mithunzi yakuda bii. Kuwala kofewako ndi komwe tikufuna. Tsiku la mitambo nthawi ya dzinja, mvula isanayambe kugwa, ndi labwino kwambiri kuposa dzuwa la October lija loswa mtengo.

Mukafika tsegulani makatani onse, tsegulaninso chitseko chakunja ndi cha ku sitting room kuti kuwala kulowe mbali zonse. Kenako thimitsani mababu onse. Ee, onse. Ndikudziwa zikumveka zosemphana, achimwene anga tinakangana nawo tsiku loyamba, iwo amvekere nanga ma downlight awa tawaikiranji ngati sakuoneka. Chifukwa chake ndi ichi: kuwala kwa babu ndi kwa dzuwa sikufanana mtundu. Mababu aja amalemba warm white pa katoni, a 2700K kapena 3000K, amawala mwachikasu, aja a 6500K amawala moyera mopita ku bluu, dzuwa nalo lili ndi mtundu wakewake. Maso athu amazolowera osaona kusiyana, koma kamera imasokonezeka, imasankha kumodzi nkuononga kwinako, nde mumapeza kabati imodzi yomweyo theka yoyera theka yachikasu. Zimenezo kuzikonza pambuyo ndi ntchito yowawa. Nde ubwino wake, olo magetsi atathima tsiku limenelo inu musadandaule, ntchito ikhoza kupitirira. Timagetsi tija ta pansi pa makabati apamwamba mukhoza kutijambula patokha kumapeto, chithunzi chimodzi cha madzulo, anthu aone kuti tilipo.

Flash ya foni ayi, muithimitsiretu. Imangoika kadontho koyera pa matailosi nkudetsa kwina konse.

Ngati khitchini ili ndi kawindo kamodzi kakang'ono, monga zimakhalira nyumba zambiri za lendi, mbali imodzi imada. Tengani shiti yoyera ya pabedi, wina aigwire moitambasula mbali yakudayo moyang'anizana ndi windo, kunja kwa chithunzi. Imabweza kuwala. Zija zoyera zopepuka zomwe zimabwera mu katoni ya firiji nazo zimagwira bwino ntchito imeneyi, musamafulumire kutaya.

Chachitatu, chotsani zonse kenako yeretsani

Ndikati zonse ndikutanthauza zonse zili pa top paja, kaya ndi granite kaya ndi bolodi. Sopo wotsukira mbale, siponji, chitsulo chokwechera mapoto, thireyi yoyanikira mbale, flask, botolo la mafuta ophikira, machesi, charger, mankhwala a agogo, kalendala ya pakhoma, timaginito ta pa firiji, kansalu kopachika pa chitseko cha uvuni, bini, chikolopa, tsache. Zigubu ndi ndowa zosungira madzi mipope ikauma zitulutseni kaye panja, mbaula nayo ituluke. Silinda ya gasi ngati ili ndi kabati yake itsekereni momwemo, ngati ili poyera musalimbane nayo kumasula mapaipi chifukwa cha chithunzi, ingosankhani poima pomwe sikuoneka. Musanachotse kalikonse jambulani kamodzi mmene zinalili kuti pomaliza mubwezeretse chilichonse pamalo pake, eni khitchini amakwiya akapeza mchere uli pomwe pamakhala shuga.

Kenako zotsalira za amisiri, zomwe amisiri eni ake saziona chifukwa azolowera. Utuchi mmakona ndi mmadirowa, mizere ya pensulo pa bolodi, tepi yotsalira mmbali mwa siling'i, simenti ya matailosi yomwe yauma ngati ufa pamwamba pake, silicone wotuluka mmphepete mwa sinki, ma sitika a pa sinki ndi pa cooker, kapulasitiki kabluu kaja kamakuta zitseko zonyezimira. Maso amadumpha zimenezi koma kamera siidumpha, ndipo munthu akakulitsa chithunzi pa foni yake choyamba kuona ndi sitika ya mtengo.

Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono kenako kouma, makamaka zogwirira ndi mozungulira zogwirira momwe mumatsala zala. Magalasi nyuzipepala yakale imawalitsa bwino. Sinki ndi mpope ziume gwa, kadontho kamodzi ka mafuta ophikira pa kansalu nkupukutira sinki ya chitsulo imawala ngati ya mu shopu. Koma chonde viniga kapena mandimu musayandikize pa granite ndi marble, asidi wake amadya mwala makamaka marble, amasiya chibanga chosachoka, nde mwapita kukajambula mwabwerako ndi ngongole. Madzi ndi kasopo pang'ono zakwana. Pansi mukolope komaliza nkudikira paume.

Mukatero imani pakhomo muyang'ane zitseko za makabati ngati zili pa mzere umodzi. Chitseko chimodzi chikatsika ndi mamilimita awiri okha pachithunzi chimaonekeratu. Mahinje a makabati a masiku ano ali ndi timasikuluu tosunthira chitseko mmwamba, mmbali ndi mkati, nde kalipentala akhale pafupi ndi screwdriver yake. Achimwene anga pano amayamba okha kuzungulira nayo ndisanatulutse nkomwe foni.

Chachinayi, bwezerani zochepa

Khitchini yopanda kanthu imaoneka ngati ya mchipatala, nde timabwezeramo tinthu, koma tochepa, ndipo tizikhala tinthu toti munthu akhoza kukhala nato zoona. Pano pali matenda otengera zithunzi za pa Pinterest, munthu kukagula maluwa apulasitiki ndi mabotolo a pasta yemwe pakhomopo sadya nkomwe. Ine ndimakonda za kwathu konkuno ndipo zimaoneka bwino kuposa zimenezo. Nsengwa yatsopano muli mandimu asanu kapena matimati ofiira bwino. Nthawi ya mango, mango atatu mmbale yadothi. Mthiko ndi zipande zatsopano zitaimikidwa mu kamtsuko pafupi ndi cooker. Lichero lotsamira khoma kuseri kwake. Makapu awiri a ku Dedza Pottery ngati alipo pakhomopo. Kanthambi ka masamba obiriwira kothyola panja pompo, mu botolo loyera lochotsa pepala. Mukapita pa msika ndi ndalama yochepa mubwerako ndi zokwanira, ndipo mukamaliza mumadya.

Mmene ndimaikira ine: malo awiri kapena atatu okha mkhitchini yonse, pena paliponse pazikhala mpata. Pamalo amodzi ndimaika tinthu titatu tosiyana msinkhu, chachitali kumbuyo, chapakati, chachifupi kutsogolo, moyandikana ngati zikucheza, osati kundandalika pa mzere ngati asilikali. Mtundu ndimasankha umodzi woti uwale. Makabati akakhala oyera kapena a gray, chikasu cha mandimu chimadzutsa chithunzi chonse. Akakhala a mtundu wa thabwa, zobiriwira ndi zoyera. Akakhala kale ndi mtundu waukali monga bluu wakuda kapena green, ingoikani zadothi ndi zamatabwa basi musaonjezere phokoso. Chitenje chopinda bwino ngati kansalu ka mmanja chimakhala bho, koma chimodzi, ndipo chisakhale cha chipani kapena cha nkhope ya munthu, mudzayambitsa nkhani ina mma comment.

Chinthu china, chokongoletsacho chisabise ntchito. Ngati pakona pomwe granite yalumikizana mmisiri anapagwira bwino, musaikepo dengu. Ngati anapalakwitsa, chabwino, dengulo mwalipezera ntchito, koma kulibwino akonze.

Mashelefu otseguka ndi makabati a magalasi amavuta pang'ono. Tulutsani makontena a margarine ndi makapu a mitundu khumi, siyani mbale zofanana zosanjikiza zinayi kapena zisanu, matambula pa mzere, zogwirira za makapu zonse ziloze mbali imodzi. Ngati pali timipando ta pa counter tikokeni pang'ono mofanana, miyendo yake ikhale pa mzere wa matailosi.

Chachisanu, foni ndi poima

Pukutani kagalasi ka kamera ndi malaya anu. Zikumveka zachibwana koma theka la zithunzi zooneka ngati muli chifunga vuto lake ndi mafuta a zala basi. Lowani mu settings ya kamera muyatse grid, timizere tija timagawa screen patatu patatu. Ikani pa 4:3 osati full screen, chifukwa full screen imangodula chithunzi mmbali, kudula mudzadula nokha pambuyo. Ma filter ndi beauty mode thimitsani, komanso kaja kamalemba dzina la foni pakona ya chithunzi.

Tsopano msinkhu. Anthu ambiri amajambula ataima chilili foni ili kumaso nkuiweramitsa pansi, nde makoma onse amapendekeka, makabati amaoneka otambalala kumwamba opanikizika kunsi. Top ya khitchini nthawi zambiri imakhala masentimita 90 kuchoka pansi, nde foni ikhale chapamwamba pake pang'ono, pa 110 mpaka 130, kunena kwake pakati pa mchombo ndi chifuwa. Pamenepo pamwamba pa top pakuoneka, koma kunsi kwa makabati apamwamba komwe kumakhala mawaya ndi masikuluu sikukuoneka. Ndipo foniyo iime chilili, isaweramire kutsogolo kapena kugadamira kumbuyo. Yang'anani mzere wa grid ufanane ndi mphepete mwa firiji kapena felemu ya chitseko. Zikafanana mbali zonse ziwiri mwakhoza. Ngati pa zonse ndalembazi mungagwirepo chimodzi chokha, gwirani chimenechi, chifukwa munthu wofuna kalipentala amayang'ana ngati zinthu zili zowongoka, nde chithunzi chopendekeka chimanamizira mmisiri kuti sadziwa level.

Za 0.5x zija, kabatani ka pa kamera kotambasula chithunzi kuti mulowe malo ambiri. Ndikudziwa zimakoma chifukwa khitchini yonse imalowa ndipo imaoneka yaikulu ngati holo, koma imakoka zinthu za mmbali, firiji imatalika, sinki yozungulira imakhala ngati dzira. Komanso kasitomala akabwera kudzaona amakhumudwa. Gwiritsani 1x, bwererani mmbuyo mpaka msana ugunde khoma, kapena tulukani mujambulire pakhomo, felemu ya chitseko mudzaidula. 0.5x isungireni kakhitchini kopanikiza zedi komwe palibe pothawira, ndipo pamenepo foni ikhale yowongoka kwambiri.

Poti mababu tathimitsa, kamera imafuna kanthawi kuti ikoke kuwala, nde dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chimafufuma. Tripod ngati muli nayo bho. Ngati mulibe, situlu kapena mpando, kusanjikiza mabuku kapena katoni, nkutsamiritsa foni pa kapu. Ikani timer ya masekondi atatu kuti chala chanu chisagwedeze. Ngati mkati muli mdima ndithu yesani night mode foni ili chikhazikike choncho, imatulutsa zoyera bwino olo masana.

Dinani pa screen pa chitseko cha kabati chomwe chili pakatikati kuti kamera igwire pamenepo, kenako kadzuwa kaja kamatuluka pambali kakokereni mmwamba kapena mmunsi. Windo likalowa mchithunzi limapsa kuyera mbuu, HDR ya mu kamera, ija imalinganiza powala ndi pamdima, imathandizako, koma njira yosavuta ndi kuima windo lili kumbali kwanu kapena kumbuyo kwanu osati kutsogolo. Kulibwino chithunzi chide pang'ono, chakuda chimakonzeka, chopsa sichibwerera.

Musanadine yang'anani magalasi: chitseko cha uvuni, microwave, ketulo, mpope, makabati onyezimira. Mudzipeza muli momo. Sunthani pang'ono kumbali, kapena ikani timer ya masekondi 10 muthawe. Malaya ofiira kapena a yellow musavale tsiku limenelo, amaonekera pa zitseko zoyera, valani zakuda kapena za gray. Anthu oonerera nawo atuluke, ana makamaka, amabisala kuseri koma pa ketulo akuoneka onse.

Chachisanu ndi chimodzi, zithunzi zoti mutenge

Musangojambula paliponse nkumati tikasankha kunyumba. Yambani ndi choyang'ana khoma lalikulu maso ndi maso, foni ili pakatikati, mizere yonse yowongoka. Chimenechi ndi chomwe chimakhala choyamba pa post. Kenako cha pakona choonetsa makoma awiri kuti munthu amvetse mmene khitchini yakhalira, makoma atatu mchithunzi chimodzi amapanikiza. Mukatero yandikirani: sinki ndi mpope ndi windo lake, cooker ndi matailosi akumbuyo kwake, kenako tinthu tating'ono tomwe ndalama zinapita, chogwirira, mphepete mwa granite, mmene matailosi akumanirana pakona. Pa zapafupizi 2x imathandiza ngati foni yanu ili ndi kamera yakeyake ya zoom, ngati ilibe ingoyandikirani ndi miyendo.

Tsegulani dirowa imodzi ndi kabati imodzi mujambule mkati. Amisiri ambiri amaiwala, pomwe azimayi omwe amafunsa mitengo ku inbox ya achimwene anga funso lawo limakhala lomwelo, mapoto akulu alowa? Ikanimo mapoto awiri oyera aone okha. Kavidiyo ka masekondi 10 ka dirowa ikutsekeka yokha pang'onopang'ono kamakopa anthu kuposa zithunzi zonsezi, sindikudziwa kuti anthufe tinatani.

Chilichonse mutenge chogona ndi choimirira. Choimirira ndi cha status ndi Instagram, chogona ndi cha Facebook kapena kuonetsa pa laptop. Siyani mpata mmbali woti mudzadule.

Za before ndi after, izi zimafuna kukumbukira ntchito isanayambe. Tsiku loyamba musanagwetse kalikonse imani pakhomo mujambule, nkuika chizindikiro pomwe mwaima, kaya ka tepi pa felemu ya chitseko pa msinkhu womwe panali foni. Tsiku lomaliza muimenso pomwepo, nthawi yofanana. Zikajambulidwa malo osiyana anthu amati si nyumba imodzi, ndipo ifeyo zinatichitikirapo, wina analemba kuti taba chithunzi pa intaneti, mpaka tinachita kuloza mabagala a windo kuti onani ndi omwewo.

Chomaliza, kukonza ndi kutumiza

Snapseed, app yokonzera zithunzi pa foni, ndi yaulere ndipo yakwana, Lightroom ya pa foni nayonso ili bho. Yambani ndi Perspective kuwongola makoma ngati anapendekeka pang'ono, kenako dulani. Mukatero White Balance, yang'anani chinthu chomwe mukudziwa kuti ndi choyera, siling'i kapena firiji, musunthe mpaka chiyere zenizeni osapita ku bluu. Kwezani brightness ndi shadows pang'ono, tsitsani highlights kuti windo libwerereko ngati silinapseretu. Saturation isiyeni, mukaikweza thabwa limasanduka orange nde kasitomala adzafuna mtundu womwe kulibe ku shopu ya mabolodi. Healing ndi yochotsera kachidontho komwe munaiwala kupukuta kapena ntchentche yomwe inatera pa top, osati kufufutira mng'alu wa tailosi. Mukamaliza ikani foni pansi, mwani madzi, muyang'anenso, nthawi zambiri mupeza mwaonjeza nde bwezani theka.

Sankhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokha. Zithunzi 40 za khitchini imodzi palibe amazitsegula, bundle ndi yodula. Ngati mukulemba dzina la bizinesi ndi nambala pachithunzi, zikhale zazing'ono pakona, osati chidindo pakati pa kabati.

Potumiza pa WhatsApp musatumize mwachizolowezi, imafinya chithunzi mpaka mizere ya thabwa imasowa, nde winayo akachiikanso pa Facebook chimafinyidwa kachiwiri. Dinani HD, kapena kuposa apo tumizani ngati Document, chimafika chonse mmene chilili. Eni nyumba atumizireni kaye iwo musanaike pena paliponse, aone, avomere. Kenako bwererani mkhitchini ndi chithunzi chija munajambula poyamba, mubwezere flask, zigubu, kalendala ndi mankhwala a agogo pamalo pake, mandimuwo muwasiyire.